Miyezi 14 tikupita kwa aphungu a zamaganizo: ndabwera kudzakonza zomwe ndinalemba poyamba

Titangopitako katatu kwa aphungu aja ndinalemba mawu ochepa oyamikira. Ndinati malowo ndi aukhondo, mayi amene amatithandiza ndi aulemu, ndipo mtima wanga wayamba kupepuka. Lero patha miyezi 14, ndipo ndikawerenganso zimene ndinalembazo ndimachita manyazi pang'ono, chifukwa ndinayamikira ndisanadziwe chomwe ndikuyamikira. Malowo ndi ofesi yoyima payokha muno mu Blantyre, si ya boma kapena ya mpingo, ndipo amathandiza munthu payekha, mwamuna ndi mkazi wake, kapenanso banja lonse pamodzi ndi ana. Ife tadutsa m'zonse zitatuzi.

Chinatipititsako ndi namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023, matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zitakokolola nyumba ku Chilobwe, achemwali anga anali m'gulu la anthu oposa 1,000 amene anafa kapena kusowa m'dziko muno. Anasiya mnyamata wa zaka 14 amene anapulumuka chifukwa usiku umenewo anagona kwa anzake. Ine monga malume ndinamutenga, palibe amene anachita kundiuza. Maliro ndinayendetsa ndine, mabokosi ndi galimoto ndinafunafuna ndine, ndipo anthu anandiyamikira kuti ndalimba mtima. Pofika mwezi wa Juni ndinali nditasiya kugona. Ndikaweruka kuntchito ndinkadzera kumowa mpaka ana atagona, ndipo mvula ikangoyamba kuwaza pa malata ndinkadzuka n'kumayendayenda m'nyumba ngati mlonda.

Mayi a ana anayamba ndi kuitana ankhoswe, monga mwa mwambo wathu. Sindikufuna wina amve ngati ndikunyoza ankhoswe. Athu ndi anthu anzeru, ndipo anasiya ntchito zawo kubwera kudzatikhalira pansi. Koma bwalo la ankhoswe limafuna kupeza wolakwa. Mayi a ana ananena zawo, ine ndinavomera kuti ndikumwa mopitirira, ndinapepesa, ankhoswe a mbali yanga anandidzudzula kuti ndikuwachititsa manyazi, tinadya nsima, nkhani inatha. Sabata yachiwiri ndinali kumowa komwe kuja. Pamaso pa amalume anga ndi alamu anga ndikananena bwanji kuti ndimaopa mvula? Kuti ndikatseka maso ndimaona mapazi a anthu atandandalikidwa kumotchale ku Gulupu? Mwamuna salira, tinakula tikumva choncho, ndipo wamkulu wa mbumba ndiye salira konse.

Apa ndiye pali kusiyana kwake, ndipo kunanditengera miyezi kuti ndikuone. Mayi phungu uja sagamula mlandu. Poyamba izi zinkandikwiyitsa, ndinkati ndikulipira ndalama kuti munthu azingondifunsa mafunso? Mayi a ana nawonso anakhumudwa, chifukwa anapitako akuyembekeza kuti wina wophunzira andiuza maso ndi maso kuti ndine wolakwa. M'malo mwake anatipatsa lamulo lotopetsa: wina akamalankhula, mnzake asadule mawu, ndipo asanayankhe abwereze kaye zomwe wamva. Zikumveka ngati masewera a ana a sukulu ya mkaka. Koma tsiku lina mayi a ana anati, "Abambo, ine sindidandaula ndalama za mowazo, ndimadandaula kuti achemwali anu ndinawalira ndekha," ndipo nditayesa kubwereza mawuwo, pakhosi panatsekeka. Tinakhala chete mwina mphindi zisanu. Phungu sanatifulumize, sanatitonthozenso ndi vesi.

Chimene sindinalembe poyamba, poti ndinali ndisanachione, n'chakuti zinthu zimayamba zaipa kaye. Mwezi wachitatu ndi wachinayi tinkatuluka mu ofesi muja osalankhulana mpaka kukafika kunyumba. Zakale zonse zinafukuka, ngakhale za ndalama zomwe ndinatumiza kumudzi osawauza zaka zisanu zapitazo. Ndinajomba kawiri dala. Phungu anali atatichenjeza kuti zimenezi zichitika, koma kumva ndi kuona n'zosiyana. Amene mukuganiza zoyamba, dziwani kuti pakatipa pali chigwa, ndipo kusiyira m'chigwamo n'kutheka kukusiyani pamalo oipa kuposa pomwe munayambira.

Kachitidwe kake n'kotere. Kukumana kulikonse ndi mphindi 50, ndipo zikakwana zakwana, ngakhale misozi ili m'maso. Ife Amalawi tinazolowera kuti nkhani imatha ikatha, ndiye tsiku loyamba ndinaona ngati atithamangitsa. Pano ndimaona ubwino wake, chifukwa umafika utakonzeka, sukhala ukuzungulira ndi malonje. Miyezi 6 yoyamba tinkapita sabata iliyonse, kenaka kawiri pamwezi, pano kamodzi. Ndinkapitanso ndekha, ndipo kumeneko ndi kumene tinalimbana ndi nkhani ya mvula ija. Anandipatsa ntchito yakunyumba: kulemba m'kope nthawi yomwe mantha abwera, chomwe ndaganiza, chomwe thupi lachita, ndi chomwe ndachita ine. Anandiphunzitsanso kupuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya motalika kuposa poukoka. Ndinaseka, ndinati mayi, kupuma ndakhala ndikupuma zaka 43. Koma dzinja lotsatira ndinagona mvula ikugwa, osati masiku onse, koma ndinagona.

Za mnyamata uja ndiye zinandiyesa mtima. Anamupatsa phungu wina wachinyamata, ndipo anandiuziratu kuti zomwe azikambirana sadzandiuza, pokhapokha ataona kuti mwanayo akufuna kudzipweteka, kupweteka wina, kapena pali amene akumuchitira nkhanza. Ndinakwiya. Mwana wa achemwali anga, ndikumudyetsa ndine, fizi ndikulipira ndine, ndiye mlendo adziwe za mumtima mwake ine osadziwa? Ndinapirira chifukwa mayi a ana anandigwira dzanja. Patapita miyezi, tili tonse pamodzi mu ofesimo, mnyamatayo ananena yekha kuti ankaganiza kuti akanagona kunyumba usiku uja akanawadzutsa mayi ake. Chaka chathunthu anasenza zimenezo tikudya naye mbale imodzi. Ndikanaumirira kuti aphungu azindiuza zonse, ndikukhulupirira kuti sakanatsegula pakamwa.

Tsopano zodandaula, ndipo zilipo. Choyamba ndi ndalama. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo unakwera, ndipo wakweranso kachiwiri chaka chisanathe. Sikimu yachipatala yakuntchito kwathu inakana kulipira. Ukalephera kupita osanena tsiku limodzi nthawi isanakwane, umalipirabe, ndipo tsiku lomwe tinakhala pamzere wa mafuta mpaka masana sanatimvere chisoni. Pambuyo pake anatitsitsirako titapempha, koma bwanji osanena poyera kuti mwayi wotero ulipo? Anthu ambiri amangosiya mwakachetechete chifukwa cha manyazi opempha.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Mafomu onse a tsiku loyamba ndi achingerezi, ndipo phungu akafika pa zinthu zozama amathawira ku Chingerezi. Ine ndimamva, koma tsiku lomwe tinabwera ndi apongozi anga aakazi, amene amatithandiza kulera ana, anangokhala phee ngati ali kukhoti. Tinachita kupempha kuti tiyankhule Chichewa chokhachokha, ndipo zitatero gogoyo ananena mfundo zomwe tonsefe sitinaziganize. Chichewa chili nawo mawu okwanira: nkhawa, kusweka mtima, kuganiza kwambiri, mtima kugunda, kulemedwa. Palibe chifukwa chowasiyira panja.

Chipinda chodikirira ndi chimodzi, chitseko n'chimodzi. Ndinakumanamo ndi mkulu wa mpingo wathu, tinapatsana moni ngati takumana kubanki, ndipo mpaka lero sitinaitchulepo nkhaniyo. Loweruka malo amadzaza milungu itatu isanakwane. Kukambirana pa vidiyo ya WhatsApp tinayesa kawiri ndili kutali ndi ntchito. Netiweki ikaduka munthu uli pakati pa mawu ovuta, mawuwo sabwereranso.

Mawu akuti uphungu nawonso ali ndi katundu wake. Kwa ambiri aife uphungu ndi wa kukayezetsa magazi, ndiye mnzanga wina wakuntchito nditamuuza komwe ndimapita Lachinayi lililonse anandigwira paphewa n'kundilimbikitsa kuti mankhwala a masiku ano ndi abwino. Wina anafunsa ngati andilembera kalata yopita ku Zomba. Chipatala cha amisala cha ku Zomba chili ndi ntchito yake yofunika, koma pakati pa munthu wopenga ndi munthu wabwinobwino pali khamu lalikulu la ife amene timavala tayi m'mawa uliwonse tisanagone usiku. Aphungu athuwa salemba mankhwala. Nthawi yomwe kusagona kunafika poipa anandiuza kuti zikapitirira anditumiza kwa dokotala wa matenda a maganizo ku Gulupu, ndipo ndinawalemekeza chifukwa chodziwa malire a ntchito yawo. Amene muli kumpoto kapena ku Lilongwe, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndipo ntchito ya zamaganizoyi ndi yawo kuyambira kale. Kulikonse kumene mungapite, funsani kumene phunguyo anaphunzira ndi kumene analembetsa. Masiku ano aliyense amene ali ndi tsamba pa Facebook akudzitcha mlangizi wa mabanja.

Mowa sindinasiyiretu, ndisaname. Ndimamwa Loweruka, kunyumba, mayi a ana akuona. Timakanganabe, makamaka za ndalama, koma mkangano sugonanso masiku anayi. Ankhoswe athu tinawauza zonse, ndipo amalume anga, amene poyamba anati ndikutaya ndalama kwa anthu a mabuku, anandiitanira pambali pa ukwati wina n'kundifunsa motsitsa mawu ngati kumeneko amalandiranso anthu akuluakulu.

Tagwirizana ndi phungu kuti tipitirize kamodzi pamwezi mpaka mvula ikubwerayi idutse, kenaka tione ngati tingayime patokha. Mnyamata uja wapempha kuti mu Malichi tidzapite limodzi ku Chilobwe, pamalo pomwe panali nyumba yawo. Ndamuuza kuti tidzapita. Mayi a ana akuti nawonso adzabwera.