Viniga, soda, makala ndi timitengo ta fungo: chogula ndi chiti kuti m'bafa musamanunkhe?

Mabotolo opopera a Glade ndi Air Wick amathandiza kwa mphindi zochepa, kenako fungo la maluwa lija limasakanikirana ndi la m'chimbudzi n'kutulutsa fungo lachitatu, loipa kuposa awiriwo. Kwa munthu wa mphumu kapena wosachedwa kumva mutu, ndiye vuto lawonjezeka. N'chifukwa chake ambiri akufuna zopepuka, ndipo zinayi zimatchulidwa kawirikawiri: viniga woyera, soda wophikira, makala, ndi kabotolo ka mafuta onunkhira kokhala ndi timitengo. Ndalama zikangokwanira chimodzi, gulani viniga. Timitengo tija, ngakhale ndi tokongola pa shelefu, ndi tomaliza kugula.

Fungo lenileni la m'bafa nthawi zambiri ndi mkodzo wogonera. Mabakiteriya amaswa mkodzo n'kutulutsa ammonia, mpweya woluma m'mphuno uja. Viniga wa m'sitolo amakhala ndi asidi pafupifupi 5 peresenti, ndipo asidiyo ndi amene amafooketsa ammonia. Sakanizani kapu imodzi ya viniga ndi kapu imodzi ya madzi m'botolo lopopera, poperani, dikirani mphindi 10, kenako kwechani ndi burashi n'kutsukuluza. Gulani woyera, osati wabulauni wothira mu tchipisi, chifukwa uyo amasiya mtundu m'mizere ya matailosi.

Anthu ambiri amalephera posankha malo opopera. M'kati mwa mbale ya chimbudzi mumatsukika pang'ono nthawi iliyonse mukagejemula. Fungo limabisala kwina. Pindani, muyang'ane pansi kumbuyo kwa mbaleyo: pali manati awiri, nthawi zambiri apulasitiki, ogwira chokhalira. Amasuleni ndi dzanja, nyamulani chokhalira chonse, ndipo pansi pa mahinji mupeza chikoko chachikasu chouma, chomata ngati utomoni. Chimenecho ndicho chimanunkha, ndipo mopu siyifikapo. Malo ena ndi mzere umene mbale yakumana ndi pansi, komanso khoma la m'mbali mpaka msinkhu wa m'bondo, makamaka m'nyumba muli ana aamuna. Kumasula chokhalira kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Ngati madzi anu ndi a pa mjigo ndipo amasiya chikoko choyera m'mbale, kankhirani madzi pansi ndi burashi, thiranimo theka la lita ya viniga wosasungunula, agonemo usiku wonse. Chikoko chimenecho ndi chokhakhala, ndiye chimasunga litsiro.

Viniga ali ndi zofooka zake. Fungo lake lowawasa limakhalapo mpaka malo aume, ndipo asidi amadya simenti pang'onopang'ono. Pa bafa la pansi pa simenti musamuthire tsiku lililonse kapena kumusiya nthawi yaitali, ndipo pa la terrazzo ndi marble musamuthire n'komwe. Pamenepo sopo ndi soda ndiwo oyenera. Chenjezo lalikulu kuposa onse: viniga asakumane ndi Jik, Domestos kapena mankhwala aliwonse a bleach. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa chlorine, umene m'kachipinda kotseka ukhoza kuwononga mapapo. Mukatsuka ndi Jik lero, tsukuluzani ndi madzi ambiri, viniga adzalowe tsiku lina.

Soda ndi wachiwiri. Tikunena bicarbonate of soda, yemweyo wothira mu therere. Si baking powder, ndipo si caustic soda wopangira sopo, amene amawotcha khungu. Soda amatamandidwa kwambiri kuti amayamwa fungo m'chipinda, koma pa ntchito imeneyo ndi wofooka. Amagwira fungo lowawasa, monga la thukuta ndi nsalu zonyowa, ndipo pa ammonia sachita zambiri chifukwa onse awiri ali mbali imodzi, yotsutsana ndi asidi. Mukafuna kumuyika poyera, thirani theka la kapu m'mbale yafulati, popeza ndi wapamwamba yekha amene amakumana ndi mpweya. M'kabotolo ka kukamwa kochepa ndi kungomutaya. Chinyezi cha m'bafa chimamuumitsa kukhala chikoko, choncho muvundulidwe sabata iliyonse n'kusinthidwa pakatha mwezi. Kumene soda amaonetsa mphamvu ndi pamene wakhudza chinthu chonunkhacho: masupuni awiri pansi pa bini ya zinyalala, theka la kapu m'madzi oviikira mathaulo, kapena masupuni atatu ophatikiza ndi supuni imodzi ya madzi kukhala phala lokwechera sinki ndi mizere ya matailosi.

Pa Facebook pamayenda mavidiyo a anthu akuthira soda ndi viniga pamodzi, thovu n'kufufuma. Thovulo n'losangalatsa m'maso basi. Awiriwo amathetsana mphamvu, ndipo chotsala ndi madzi a mchere wofooka. Kuwatsekera m'botolo limodzi kukhoza kuphulitsa chitsekero. Aliyense agwire ntchito yake payekha.

Pali fungo lina limene zinayi zonsezi sizingathetse, lija lofanana ndi mazira owola, lochokera ku septic tank kapena ku suweji. Pansi pa sinki pali paipi yopindika ngati chilembo U, ndipo chibowo chotulukira madzi pansi pa bafa chimakhalanso ndi kamsampha kotere. Madzi okhala pamenepo, pafupifupi masentimita 5, ndiwo chitseko chotchinga mpweya wa m'mapaipi. Bafa la alendo likakhala masabata osagwiritsidwa ntchito, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, madziwo amauma ndipo chitseko chatseguka. Thirani lita imodzi kapena awiri m'chibowo chilichonse. Ngati nyumba itsekedwa nthawi yaitali, onjezerani supuni ya baby oil pamwamba kuti madzi asaume msanga. Fungo likapitirira ngakhale madzi alimo, mwina mphira yolumikiza mbale ndi paipi kumbuyo yatha, kapena paipi yotulutsira mpweya padenga yatsekeka ndi masamba. Apo ndi pa pulambala, osati pa sitolo ya zonunkhiritsa.

Makala ogulitsidwa m'timatumba tansalu, ambiri a nsungwi, ali pakatikati. Sanunkhira kanthu, ndiye ndi abwino kwa amene fungo lililonse limawapweteka. Amagwira ntchito ndi timabowo tosaoneka timene timakola mpweya, ndipo makala otchedwa activated charcoal ali ndi timabowo tochuluka kwambiri kuposa makala a pa mbaula. Vuto ndi lakuti nthunzi ya madzi osamba imadzaza timabowo tomweto. Kathumba kopachikidwa pafupi ndi shawa kamatopa msanga. Kaikeni m'kabati ya pansi pa sinki kapena pafupi ndi dengu la zovala zochapa, ndipo kayanikeni pa dzuwa maola angapo mwezi uliwonse kuti chinyezi chituluke. Makala wamba, oswedwa tizidutswa n'kumangidwa m'sokosi yakale, amathandiza pang'ono m'malo otsekeka ngati amenewo. Chipinda chonse sangachikwanitse.

Tsono timitengo. Kabotolo ka mamililita 100 kokhala ndi timitengo 6 kapena 8 ta rattan kamatulutsa fungo lofatsa usana ndi usiku, popanda magetsi kapena moto, ndipo sikatsamwitsa kwambiri ngati mabotolo opopera aja. Mafuta amakwera m'timitsempha ta mtengowo n'kuuluka pamwamba. M'bafa laling'ono yambani ndi timitengo 3, chifukwa timitengo tikachuluka fungo limakula ndipo mafuta amatha msanga. Titembenuzeni kamodzi pa sabata, ndipo tisintheni mukagula mafuta atsopano, popeza fumbi limatseka timitsempha tija. Ofuna kupanga okha amalakwitsa pa zinthu ziwiri: amatenga timitengo ta nsungwi tobayira nyama, tomwe sitikweza mafuta bwino, ndipo amasungunula ndi mafuta ophikira, omwe ndi olemera komanso amasasa. Powerenga chizindikiro, mawu akuti fragrance oil amatanthauza fungo lopangidwa ku fakitale, ngakhale pabotolo pajambulidwe masamba. Ochokera ku zomera amalembedwa essential oil ndipo amadula. Lemongrass ndi mandimu amagwirizana ndi bafa kuposa mafungo otsekemera ngati vanilla. Koma kuchokera ku zomera sikutanthauza kuti alibe ngozi. Mafuta a bulugamu mwana akamwa ngakhale pang'ono ndi nkhani ya kuchipatala, ndipo mafuta ngati tea tree amadwalitsa amphaka. Kabotolo kopanda chitsekero kakhale pamwamba.

Kunena zoona, kamtolo ka masamba a bulugamu atsopano, kofikisidwa pang'ono ndi botolo n'kupachikidwa pamene nthunzi imafika koma madzi sathirapo, kamachita ntchito yomweyo mwaulere kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Masamba akayamba madontho akuda, tayani, iyo ndi nkhungu. Timipira toyera ta naphthalene, tomwe ena amaponya m'makona, sitili m'gulu la zopepuka: ana amatiyesa maswiti, ndipo timaswa maselo ofiira a magazi mwa anthu obadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD, lomwe ndi lofala kuno ku Africa.

Pa chimbudzi chokumba viniga ndi soda ndi kutaya ndalama. Kapu ya phulusa louma m'dzenje mukamaliza imaumitsa pamwamba n'kuchepetsa fungo ndi ntchentche. Chimbudzi wamba chivundikiridwe ndi chitsekero chokwana bwino. Chokhala ndi paipi ya mpweya, mtundu wa Blair umene unayambira ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, n'chosiyana: dzenje lake silitsekedwa, chifukwa mpweya uyenera kulowa pa dzenjepo n'kutulukira m'paipi. Paipiyo ikhale ya mamilimita 110, ipitirire denga ndi theka la mita, ndipo kumwamba kwake kukhale sefa. Sefa ija akangaude amaitseka. Kuthira ndowa yaing'ono ya madzi kuchokera kumwamba kwa paipi miyezi ingapo iliyonse kumachotsa ukonde wawo, mpweya n'kuyambanso kuyenda.