Thabwa la chizindikiro cha Campbell: mmisiri ndi katswiri, koma ogulitsa sadziwa chimene akugulitsa

Nyenyezi 3 mwa 5, ndipo zitatuzo ndi za mmisiri yekha.

Ndinaitanitsa thabwa la masentimita 30, la mapaundi 85, kuti likhale mphatso ya mkamwini wa ku Scotland, wa fuko la Campbell. Pa fomu ndinasankha chizindikiro cha membala wamba wa fuko: mutu wa nguluwe wagolide mkati mwa lamba wozungulira wokhala ndi chomangira chake, pa lambapo mawu a Chilatini akuti Ne Obliviscaris. Chimenechi ndicho Campbell aliyense amaloledwa kuvala kapena kupachika m'nyumba, pakuti lambayo amasonyeza kuti ndiwe wotsatira mtsogoleri wa fuko, osati mwini wake wa chizindikirocho.

M'bokosi munatuluka zina. Chishango chogawidwa panayi: zigawo ziwiri zili ndi timizere tisanu ndi titatu tagolide ndi takuda tokumana pakati, zina ziwirizo zili ndi ngalawa yakuda yankhafi pa siliva. Pamwamba chisoti cha masamba chimene amavala ma Duke (mafumu akuluakulu a ku Britain), m'mbali mikango iwiri yofiira itagwirira chishango. Aliyense wodziwa zinthuzi akangoona azindikira pomwepo kuti izi ndi za munthu mmodzi, Duke of Argyll, mtsogoleri wa a Campbell onse, wa ku Inveraray Castle. Ndiye pansi pake, m'zilembo zazikulu zozokota, dzina la mkamwini wathu. Kuika chithunzi cha chishango cha mtsogoleri wa fuko pakhoma si vuto lalikulu. Vuto ndi dzinalo, chifukwa likulengeza kuti chishangochi ndi cha mnyamatayu.

Nditaimba foni, mayi amene anayankha anati, "Bambo, a Campbell onse ndi banja limodzi, takupatsani chachikulu pa mtengo wa chaching'ono, mukanayenera kuthokoza." Ndinawafotokozera modekha. Chishango chotere sichikhala cha dzina la banja ayi. Chimaperekedwa kwa munthu, ndipo chimapita kwa wolowa m'malo mwake. Ku England, Wales ndi Northern Ireland amapereka ndi College of Arms ya ku London, imene inakhazikitsidwa mu 1484 mu ulamuliro wa Richard III. Ku Scotland ndi nkhani ya malamulo enieni: bwalo la Lord Lyon, mkulu woyang'anira zishango, ku Edinburgh lili ndi kaundula amene anayamba mu 1672, lili ndi woimba milandu wakewake, ndipo kugwiritsa ntchito chishango cha wina ngati chako ndi mlandu. Ngakhale mng'ono wake wa mwini chishango sangachitenge momwe chilili. Amapita kukalembetsa chake, n'kuikapo chosiyanitsa monga mkombero wa mtundu wina m'mphepete. Kukhala wa kwa Phiri sikukupatsa mpando wa Gawa Undi pa Kulamba. Mayiwo anangoti, "Takhala tikugulitsa zimenezi zaka zambiri, palibe anamangidwapo," n'kudula foni. Ichi ndicho chinandipsetsa mtima kuposa thabwa lenilenilo.

Ndipo ngakhale monga chishango cha Duke, anachilakwitsa. Nguluwe ya pamwamba pa chishango inayang'ana kumanja kwa woona. Lamulo ndi lakuti nyama iyang'ane kudzanja lamanja la wonyamula chishango, kumene ndi kumanzere kwa ife oyang'anafe, pokhapokha mawu ofotokoza chishangocho anene zina. Zikuoneka kuti wina anatembenuza chithunzi pa kompyuta asanatumize kwa mmisiri, chifukwa zigawo zinasinthananso: ngalawa inakhala pamwamba kumanzere, malo a ulemu amene ayenera kukhala a golide ndi wakuda wa Campbell. Kankhata kopota kamene nguluwe imakhalapo kayenera kuonetsa mapindo asanu ndi limodzi, kuyambira ndi golide kenako mtundu winawo, mosinthana. Apa anali asanu ndi awiri, oyamba ndi omaliza onse akuda. Wina anganene kuti ndi zazing'ono, koma mu ntchito imeneyi zazing'onozo ndizo zimasiyanitsa chishango cha munthu uyu ndi cha uja.

Za satifiketi imene amagulitsa pamodzi ndi thabwali pa mapaundi 15 owonjezera, musataye ndalama. Ndi pepala la khirimu lokhala ndi chidindo chapulasitiki ndi ndime ziwiri za "mbiri ya dzina lanu". Mashopu a mtundu umenewu amangotsegula mabuku akale ngati General Armory ya Burke ya mu 1884, kupeza munthu woyamba wa dzina lofanana ndi lanu, n'kukopera chishango chake. Palibe amene amafufuza ngati agogo anu anali pa ubale ndi munthuyo. Chikalata chenicheni chochokera kwa Lord Lyon kapena College of Arms chimalembedwa ndi kujambulidwa pamanja pa chikopa, chimatchula munthu mmodzi ndi dzina, chimatenga miyezi yambiri, ndipo mtengo wake ndi mapaundi masauzande.

Kunena chilungamo, ntchito ya manja ndi yabwino kwambiri. Thabwa ndi la oak weniweni, osati utuchi wopanikiza womata pepala la maonekedwe a mtengo, ndipo lokhuthala pafupifupi masentimita awiri. Zozokota n'zakuya, m'ngodya mulibe zotsalira za makina. Penti sanadumphe mzere, ngakhale pamene golide ndi wakuda akumana pa nsonga pakati pa chishango, pomwe amisiri ambiri amapakapo matope. Golideyo si wachikasu wa penti wamba, amanyezimira bwino popanda kuthobwa m'maso. Vanishi ndi wosawala kwambiri, wopakidwa mpaka kumbuyo, zimene zimathandiza kuti thabwa lisapindike m'nyumba zachinyontho za kuno.

Nkhani inasintha imelo yanga itafika kwa mmisiri mwiniwake. Bamboyo sanatsutse kanthu. Anapempha kuona fomu, anavomereza kuti nambala ya oda inasokonezedwa ku ofesi, ndipo anatumiza chithunzi cha pensulo ndisanavomereze kuti ayambe. Lachiwirilo linabwera lolondola. Nguluwe yayang'ana kumanzere kwa woona, khosi lake ndi lamanyanthaza ngati lozulidwa osati lodulidwa ndi mpeni, mano asiliva, lilime lofiira. Lamba wapinda bwino, nsonga yake yalendewera pansi pa chomangira. Anadziwanso kusaikapo nthenga za chiwombankhanga kumbuyo: zitatu ndi za mtsogoleri wa fuko, ziwiri za mtsogoleri wa nthambi, imodzi ya munthu amene ali ndi chishango chakechake, ndipo membala wamba sakhala ndi iliyonse. Dzina la mkamwini analiika pa kachitsulo kumbuyo, kumene silikunena bodza lililonse.

Amene mukufuna kugula, pemphani chithunzi chomaliza asanazokote, ndipo muchiyerekeze ndi mawu ofotokoza chizindikirocho, osati ndi zithunzi za pa intaneti, pakuti zambiri mwa izo n'zokoperana zolakwika. Ngati dzina ndi la ku Scotland, itanitsani cha lamba. Ngati ndi la ku England, dongosolo la lambali kulibe, ndiye chilichonse angakugulitseni ndi cha munthu wina, pokhapokha mutsimikize kuti ndinu mbadwa yake kudzera kuchimuna. Mukaona nyama ziwiri zogwirira chishango, monga mkango ndi kambuku pa chizindikiro cha dziko la Malawi cha mu 1964, dziwani kuti zimenezo zimapatsidwa kwa ochepa: ma Lord, ena mwa atsogoleri a mafuko, mizinda ndi mayiko.

Kolowekera kumbuyo n'kofooka pa thabwa lolemera chonchi, tisikuluwu take n'tatifupi, choncho gulani tina musanapachike. Mapaundi 12 amene ndinalipira pobweza thabwa loyamba sanandibwezere, mayi aja akuti si lamulo lawo, ndipo pa tsamba lawo chishango cha Duke chikadali pomwepo, nguluwe itayang'ana kolakwika, ndi bokosi lolembamo dzina lanu pansi pake.