Mwa mabuku ofufuzira, wowerenga wa ku Angónia ayambe kugula liti?

Munthu wa ku Ulongwe kapena ku Tsangano kuno ku Mozambique akamawerenga nthano ndi ndakatulo zochokera ku Malawi, sachedwa kuphunthwa pa mawu oti agogo okha ndiwo angawamasule. Chotipinga ife n'chakuti sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, pomwe mabuku ambiri ofufuzira analembedwera odziwa Chingerezi. Choncho musanatulutse ndalama, yambani mwaona kuti bukulo lizikuyankhani m'chilankhulo chanji.

Dikishonale ya Steven Paas, imene a Oxford anasindikiza mu 2016, ndi yonenepa ndipo mawu a masiku ano alimo ambiri. Ikupezekanso pa intaneti, moti pafoni pomwepo mutha kufufuza. Koma imatembenuzira Chichewa ku Chingerezi. Ufufuze liwu limodzi, ikupatsa lina lachilendo, uyambenso kusaka dikishonale yachiwiri yoti ikufikitse ku Chipwitikizi. Mphunzitsi wa Chingerezi ku sekondale imuthandiza kwambiri. Woti akungofuna kumva zimene mlakatuli akunena atopa nayo msanga.

Ine mtima wanga uli pa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene akatswiri a zilankhulo a ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba anakonza. Umenewu umamasulira Chichewa m'Chichewa chomwe, ngati mmene mkulu amakufotokozera muli pakhonde. Ubwino wake wina ndi woti pofufuza liwu limodzi umatolanso ena awiri atatu m'tanthauzo momwemo, ndipo umapezeka ukuwerenga tsamba lonse usanafune. Vuto ndi kapezekedwe. Kuno kumafunika kutuma munthu amene akuwoloka malire pa Calómuè kupita ku Lilongwe, kapena pa Zóbuè kupita ku Blantyre, ndipo mumuuze ayang'anenso kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu.

Palinso Dicionário Cinyanja-Português ya ansembe a Chijezuiti, chipani chomwe chija cha ku misheni ya Lifidzi, imene inatuluka ku Lisboa mu 1963. Mwa atatuwa, ndi yokhayi imene imayankha m'Chipwitikizi. Ndi yakale, dziko lisanalandire ufulu mu 1975, ndiye za foni ndi kompyuta musazifunemo. Komatu ukale womwewo ndiwo phindu lake kwa wowerenga nthano, chifukwa mawu amene achinyamata anasiya kuwatchula ndi omwe amatisautsa. Chenjerani ndi kalembedwe: pamene a ku Malawi amalemba ch, iyo ili ndi c, choncho chimanga muchipeza pa cimanga. Mukaiona pa parishi kapena kwa mphunzitsi wopuma pantchito, pemphani mukajambulitse masamba, chifukwa si buku loti mungalowe m'sitolo n'kuligula.

Dikishonale ikafika pa miyambi imagwa mphwayi. Ikuuzani kuti fisi ndi nyama yanji, koma chimene wolemba wamuikira fisiyo pamenepo sikuuzani. Apa mabuku ndi awiri. La Bambo J.C. Chakanza, lotuluka mu 2000, linasonkhanitsa miyambi 2,000 ya Chinyanja, ndipo pa kuchuluka limaposa linzakelo kutalitali, kungoti kumasulira kwake n'kwa Chingerezi. Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga ndi lochepa thupi ndipo miyambi yambiri simuipezamo, koma lonse ndi la m'chilankhulo chathu, ndipo mwambi umabwera ndi kankhani koonetsa pamene umagwira ntchito. Loyambalo ndi lofufuzira mwambi umene wakuvuta lero. Lachiwirilo umatha kuliwerengera ana madzulo kuchokera tsamba loyamba mpaka kumapeto.

Amene thumba lake likulola buku limodzi lokha atenge Mtanthauziramawu, kenako adzawonjezere la Kumakanga akagulitsa mbatata. La Paas lidikire kaye, poti pafoni lilipo kale, ndipo la Chakanza ligulidwe ngati m'nyumbamo muli wina amene Chingerezi chimamuyenda.