Kuunika maphunziro othandiza aphunzitsi aakulu kusunga aphunzitsi pa sukulu

Bungwe lina lophunzitsa atsogoleri a sukulu lili ndi maphunziro a miyezi ingapo amene linakonzera aphunzitsi aakulu ndi achiwiri awo, ndipo limalonjeza kuti amene wawamaliza adzadziwa kuthandiza aphunzitsi ake, kuwalimbikitsa ndiponso kuwasunga kuti asasiye ntchito kapena kupempha kusamukira kwina. Maphunzirowa ali ndi mbali zitatu: mavidiyo ndi zowerenga za pa intaneti zimene munthu amaphunzira pa nthawi yake, mlangizi amene anayendetsapo sukulu ndipo mumalankhulana naye mwezi uliwonse, komanso kagulu ka atsogoleri anzanu komwe mumafotokozerana zimene mwayesa ndi mmene zayendera. Ndawatsatira mpaka kumapeto monga mphunzitsi wamkulu, ndipo ndaona kuti ndi othandiza kwambiri pamene akukamba za nthawi ya mphunzitsi ndi za kuonerera phunziro m'kalasi, koma ndi opepuka, mwinanso osocheretsa, pamene akukamba za chilimbikitso, ngakhale kuti chilimbikitsocho ndicho anachiika patsogolo poitanira anthu.

Gawo loyamba limatsegula ndi ziwerengero, ndipo anazisankha bwino. Lipoti la UNESCO la 2024 lonena za aphunzitsi linati pofika 2030 dziko lapansi lidzafunika aphunzitsi ena 44 miliyoni a pulaimale ndi sekondale, ndipo oposa theka la amenewa akufunika kuti alowe m'malo mwa anzawo amene akuchoka pa ntchito. Lipoti lomwelo linasonyeza kuti aphunzitsi a pulaimale osiya ntchito pa chaka anachuluka kuchoka pa 4.6 peresenti mu 2015 kufika pa 9 peresenti mu 2022. Akatero amawonjezera kafukufuku wa 2017 wa bungwe la Learning Policy Institute ku United States, amene anapeza kuti aphunzitsi amene amanenetsa kuti atsogoleri awo sawathandiza amachoka pa sukulu kuposa kawiri poyerekeza ndi amene amati amathandizidwa. Mfundo imene akufuna kuti ilowe ndi yomveka: mphunzitsi wamkulu alibe mphamvu pa chiwerengero cha anthu otuluka m'makoleji a uphunzitsi, koma ali ndi mphamvu ndithu pa zifukwa zina zimene zimachotsa mphunzitsi amene ali naye kale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mphunzitsi amene wazolowerana ndi ophunzira komanso makolo awo sangafanane ndi amene mukungomuyembekezera kuti mwina adzatumizidwa.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi ntchito imene amapereka m'gawo lachiwiri. Amakuuzani kuti mutenge taimutebulo ya sukulu yonse, mulembe dzina la mphunzitsi aliyense pa pepala lalikulu, kenako pambali pa mapiriyodi ake mulembe ntchito zonse zimene pa taimutebulo sizioneka: makope oyenera kuchonga, masikimu, kaundula, mafomu opita ku ofesi, kuyang'anira ophunzira pa nthawi yopuma, zamasewera, makomiti ndi misonkhano. Ntchitoyi imaoneka yachibwana poyamba, koma tsiku limene tinaonetsana mapepala athu m'kagulu kathu, chithunzi chinali chimodzimodzi pafupifupi pa sukulu iliyonse. Mzere wa mphunzitsi amene wangoyamba kumene ntchito unali wodzaza mpaka kusefukira m'mphepete mwa pepala, ali ndi kalasi yodzadza kuposa onse, maphunziro osiyanasiyana oti akonzekere usiku uliwonse, kuphatikizapo zamasewera chifukwa choti ndi wachinyamata, pamene mzere wa mphunzitsi wina wakale unali ndi mipata yotsatizana masana a masiku angapo. Palibe amene anakhala pansi n'kukonza kuti zikhale choncho. Zimangochitika chifukwa amene wakhalitsa amadziwa nthawi yolankhulira pamene taimutebulo ikukonzedwa, ndipo wachilendo amalandira zotsala, osadandaula poopa kuoneka waulesi.

Pa mfundo imeneyi maphunzirowa ali ndi umboni wokwanira. Amatchula kafukufuku wa 2018 wotchedwa TALIS, wofunsa aphunzitsi a m'maiko ambiri za ntchito yawo, wochitidwa ndi bungwe la mgwirizano wa maiko pa zachuma la OECD, mmene pafupifupi theka la aphunzitsi ananena kuti kuchuluka kwa ntchito za mapepala ndi za mu ofesi kumawapanikiza, ndiponso mmene zinaoneka kuti aphunzitsi atsopano 22 okha mwa 100 alionse ndi amene anali ndi mlangizi wopatsidwa ndi sukulu. Amaperekanso chitsanzo cha ku England, kumene kuyambira 2021 mphunzitsi watsopano amakhala zaka ziwiri akuyang'aniridwa ndi mlangizi, ndipo amachepetseredwa maola ophunzitsa ndi 10 peresenti m'chaka choyamba ndi 5 peresenti m'chaka chachiwiri. Mlangizi wanga sanandiuze kuti nditengere zimenezi mmene zilili, pakuti sukulu imene aphunzitsi ndi operewera singathe kuchotsa mapiriyodi popanda kusiya kalasi ina yopanda munthu. Chimene anandifunsa ndi chakuti ndi ntchito ziti pa pepala lija zimene zingafafanizidwe popanda wophunzira aliyense kutayapo kanthu. Zinapezeka zambiri kuposa mmene munthu angaganizire: msonkhano wa sabata iliyonse umene nkhani zake zikanangolembedwa pa bolodi la m'chipinda cha aphunzitsi, mfundo zimodzimodzi zolembedwa m'mabuku awiri osiyana, ndi lamulo loti tsamba lililonse la kope lililonse likhale ndi chizindikiro cha cholembera chofiira. Aphunzitsi anazindikira kusinthaku msanga, ndipo ndicho chinthu chokhacho mwa zonse zimene ndinayesa chimene anachiyamikira ndisanawafunse.

Gawo lonena za kuonerera phunziro nalonso ndi labwino, ngakhale kuti ndi lovuta kulitsatira. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti kulowa m'kalasi kuti muthandize mphunzitsi kukhale kosiyana kotheratu ndi kulowa m'kalasi kuti mumupatse malikisi opita m'faelo yake, chifukwa munthu amene akudziwa kuti akuyesedwa amabisa chofooka chake, ndipo chofooka chobisika sichingakonzedwe. Amalimbikitsa kulowa kanthawi kochepa koma pafupipafupi, n'kukambirana chinthu chimodzi chokha pambuyo pake. Pepala limene amapereka lili ndi mipata itatu basi: chimene mwaona, funso limodzi lofunsa mphunzitsiyo, ndi chinthu chimodzi chimene mwagwirizana kuti ayese. Amachirikiza njirayi ndi kafukufuku wa 2018 wa Matthew Kraft, David Blazar ndi Dylan Hogan, amene anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wina 60 n'kupeza kuti kulangiza mphunzitsi payekhapayekha kumakweza kaphunzitsidwe ndipo kumathandizanso kakhozedwe ka ophunzira. Ndinakondwera kuona kuti sanabise mbali ina ya kafukufukuyu, yakuti phindu limachepa pamene ndondomeko zoterezi zakulitsidwa kuti zifikire aphunzitsi ambiri nthawi imodzi.

Chimene chimapangitsa gawoli kukhala laphindu si vidiyo koma mlangizi. Mphunzitsi akavomera, mumajambula mawu a zokambirana zanu, ndipo mlangizi amamvetsera n'kukuonetsani nthawi imene inu munalankhula poyerekeza ndi imene mphunzitsiyo analankhula. Pafupifupi tonse m'kagulu kathu tinapezeka kuti timafunsa funso n'kuliyankha tokha mphunzitsi asanatsegule pakamwa. Chizolowezi chotere munthu sangachigwire powerenga. Amakambanso mwachidule za njira ya ku Japan imene aphunzitsi amakonzera phunziro limodzi pamodzi, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akuonerera mmene ophunzira akulilandirira, koma anangoikhudza pamwamba, ndipo amene akufuna kuiyesa ayenera kukafufuza kwina.

Palinso phunziro lalifupi lolimbikitsa kuti mtsogoleri azikhala pansi ndi mphunzitsi aliyense akadalipo, n'kumufunsa chimene chimamusunga pa sukuluyo ndi chimene chingamuchotse, m'malo modikira kufunsa mafunso amenewa tsiku limene wabweretsa kalata yotsanzika. Ndi langizo losavuta ndipo silifuna ndalama.

Tsopano ndifike pa gawo la chilimbikitso, limene linandikhumudwitsa. Lili ndi mndandanda wautali wa njira zoyamikira aphunzitsi, monga masatifiketi, timakalata tothokoza, kutchula dzina la mphunzitsi pa msonkhano wa sukulu yonse, ndi kusankha mphunzitsi wopambana mwezi uliwonse. Kuyamika si koipa, ndipo mphunzitsi amene wagwira ntchito bwino ayenera kumva zimenezo kuchokera pakamwa pa mkulu wake. Vuto ndi lakuti gawoli limatsutsana ndi akatswiri omwewo amene likuwatchula. Limatchula Frederick Herzberg, amene mu 1959 anasiyanitsa zinthu zimene zimapatsa munthu chikhutiro pa ntchito, monga kuzindikiridwa ndi kupatsidwa udindo, ndi zinthu zimene zikasowa zimabweretsa kudandaula, monga malipiro ndi malo ogwirira ntchito, koma silinena poyera kuti satifiketi singachotse dandaulo la munthu amene malipiro ake achedwa. Limatchulanso Edward Deci ndi Richard Ryan, amene anasonyeza kuti munthu amagwira ntchito ndi mtima wonse akakhala ndi ufulu wosankha mmene angaigwirire, akamaona kuti akuidziwa, ndiponso akamamvana ndi anzake, ndipo anachenjeza kuti mphoto zina zimatha kufooketsa chidwi chochokera mumtima. Atangomaliza kunena zimenezi, vidiyo yotsatira ikuphunzitsa kupachika chithunzi cha wopambana pa khoma. Aliyense amene wakhalapo m'chipinda cha aphunzitsi akudziwa kuti mpikisano wotere umasangalatsa munthu mmodzi n'kusiya ena onse akunong'onezana za kukondera.

Nkhani ya malipiro anaipatsa vidiyo imodzi yaifupi, yongonena kuti m'masukulu ambiri mphunzitsi wamkulu sindiye amakhazikitsa malipiro. Zimenezi ndi zoona, koma sizitanthauza kuti alibe chochita. Angathe kulondola mapepala a mphunzitsi amene atsakamira mu ofesi ina, kulemba msanga kalata yomuchitira umboni pa nkhani ya kukwezedwa, kumuthandiza kupeza tchuthi pamene wadwalitsa, ndi kumuimira pamene kholo lamunyoza pamaso pa ophunzira. Izi ndizo zimene aphunzitsi amakumbukira akamanena kuti mkulu wawo amawathandiza, ndipo zinayenera kukhala ndi gawo lawolawo. Ndinadabwanso kuti sanatchule n'komwe mfundo zimene bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO ndi bungwe la UNESCO anagwirizana mu 1966 zokhudza udindo ndi ufulu wa aphunzitsi, zimene zimakamba za malipiro, kukula kwa kalasi ndi maola a ntchito, pamene mfundo zimenezi zikanapatsa mtsogoleri poyambira akamalankhula ndi amene ali pamwamba pake.

Maphunzirowa amaperekanso fomu ya pa intaneti yofunsira maganizo a aphunzitsi, koma ili ndi vuto limene okonza ake sanaliganizire. Amati mayankho ndi achinsinsi, koma fomuyo imafunsa phunziro limene munthu amaphunzitsa ndi zaka zimene wagwira ntchito, ndiye pa sukulu yaing'ono imene mphunzitsi wa phunziro lina ndi mmodzi yekha, chinsinsicho chatha asanayankhe funso loyamba. Aphunzitsi anga anaona zimenezi nthawi yomweyo ndipo mayankho awo anali aulemu, ofanana ndiponso opanda kanthu. Mafunso awiriwo sangachotsedwe pa fomu ya pa intaneti, choncho amene akufuna kumva zoona ayenera kukopera mafunso enawo pa pepala wamba.

Pa kayendetsedwe, mavidiyo ambiri ndi aatali kuposa mfundo zimene ali nazo, sangasungidwe pa foni kuti munthu adzaonere popanda intaneti, ndipo ofesi yawo imachedwa kuyankha mafunso. Anzanga ena m'kagulu kathu anasinthiridwa mlangizi pakati pa maphunziro, ndipo anayamba kufotokoza za sukulu zawo kuchokera pachiyambi kwa munthu wachilendo, zimene zinawadyera nthawi yambiri. Popeza phindu lalikulu la maphunzirowa lili mwa mlangiziyo, vuto limeneli si laling'ono.

Maphunzirowa angathandize kwambiri amene wangopatsidwa kumene udindo woyendetsa sukulu, ndiponso amene sukulu yake imalandira aphunzitsi atsopano chaka ndi chaka n'kuwataya asanakhazikike. Ndi bwino kuwachita pamodzi ndi wachiwiri wanu, chifukwa kawirikawiri iyeyo ndi amene amakonza taimutebulo ndi kugawa ntchito, ndipo zimene mwaphunzira sizingafike pa pepala lija ngati iye sanazimvetse. Musanalembetse, funsani ngati mlangizi amene adzakupatseni anayendetsapo sukulu ya kukula ngati yanu, ngati adzakhale nanu mpaka kumapeto, ndiponso ngati mungayambe maphunzirowa taimutebulo ya chaka chotsatira isanakonzedwe.