Chilombo cha moto: chotenga m'buku kapena chopeka wekha?

Amene mumayendetsa Dungeons & Dragons (masewera a nthano a patebulo oponya madayisi) kuno ku Mzuzu, kaya pakhonde ku Luwinga kapena pabalaza kwa mnzanu ku Katoto, tsiku lina osewera adzatopa ndi magoblin, ndiye mudzafuna chilombo cha moto. Ndikamba za malamulo a 5e (mtundu wachisanu wa masewerawa), aja anatuluka mu 2014.

Chapafupi ndi fire elemental, chilombo chomwe thupi lake lonse ndi moto, ya mu Monster Manual, buku la zilombo za masewerawa: CR (mulingo wa kuopsa kwake) 5, HP (kuchuluka kwa moyo wake) 102, AC (kuvuta kwake kuimenya) 13, liwiro mafiti 50. Ikakugwira imakupweteka 2d6+3 (madayisi awiri a mbali 6, kuwonjezerapo 3), kenako zovala zimayaka ndipo moto umakudya 1d10 raundi iliyonse mpaka wina ataye mpata wake kukuzimitsa. Imadutsa ngakhale pamng'alu wa inchi imodzi, choncho kutseka chitseko n'kungodzivuta. Pamapepala ndi yoopsa, koma patebulo imagwetsa ulesi. Lupanga wamba limangoipweteka theka, ndipo wizard (wamatsenga) amene wangofika levulo 5, ali chimwemwe tsaya ndi Fireball yake ya 8d6, matsenga ophulitsa moto, amangokhala manja lende chifukwa moto suigwira. Buku limati madzi amaipweteka, inde, koma galoni imodzi imachotsa HP imodzi yokha. Ndowa ya malita 20 ikuchotsa 5. Kuti ife ndi madzi okha pafunika ndowa ngati 20, ndipo ndani angatunge zonsezo nyumba ili kupsa? Osewera akamva za kufooka kumeneku amathamangira kuchitsime, n'kubwerako okhumudwa.

Hell hound, galu wolavula moto, ndiyabwinoko. CR 3, HP 45, AC 15, ndipo imalavula moto wa 6d6 pamtunda wa mafiti 15. Wopambana Dex save ya DC 12 (kuponya dayisi kuti azembe, n'kufika pa 12 kapena kuposa) amalandira theka. Motowo umabwerera dayisi ikagwa pa 5 kapena 6, ndipo agaluwa akakhala awiri pa munthu mmodzi amaluma ndi advantage (kuponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaikulu). Ine ndimaisintha khungu kukhala fisi wa maso a makala, manambala osakhudza. Munthu wokulira kuno safunika kumufotokozera chifukwa chake fisi woseka kuseri kwa khola usiku ndi nkhani yoipa. Chenjezo ndi limodzi: 6d6 imagwa pafupifupi 21, ndipo wizard wa levulo 3 ali ndi HP pafupifupi 20. Afisi atatu akalavulira pamodzi ndi 63, maliro basi. Azilavula mosinthana. Chomwe chimandinyinyulitsa n'choti moto wake ndi chokongoletsera chabe. Muikepo asidi m'malo mwake, nkhondo iyenda chimodzimodzi.

Kwa oyamba kumene, magmin, kachilombo ka chiphalaphala cha moto, ikukwanira: CR 1/2, HP 9, ikafa imaphulika 2d6 kwa aliyense amene ali mkati mwa mafiti 10. Tumizani zinayi, osewera aphunzira okha kuti si chilichonse chofunika kuchimenyera pafupi.

Njira yomwe ndimaikonda ndi kupeka chanu, ndipo mphunzitsi wake tili naye pafupi. Aliyense amene anadutsapo pa M1 ku Chikangawa mu Seputembala kapena Okutobala, moto wolusa utalowa m'mapaini, amadziwa kuti choyamba kukufika si lawi. Ndi utsi, maso kuwawa, kenako mphepo kutembenuka. Moto wotere umadya masamba ouma a paini omwe aunjikana pansi, ndipo ogwira ntchito m'nkhalango amaugonjetsa polambula njira kuti usowe chodya.

Ndiye chilombo changa ndimachimanga chonchi. Chimayamba chofooka, HP 60, AC 13, kugwira kwake 2d6 basi. Chikayamba mpata wake chili pa udzu wouma, pa denga la udzu kapena pa nkhuni, chimawonjezera HP 10. Chikakhala pa dothi lolambula kapena pa lupsa pomwe chinadya kale, chimataya 10. Utsi wake umaphimba mafiti 10 kuzungulira, ndipo wolowamo amaponya Con save (dayisi ya kupirira kwa thupi) ya DC 13, akalephera amatsokomola n'kumenya ndi disadvantage (kuponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaing'ono). Raundi iliyonse DM, woyendetsa masewera, amaponya d4 kuona komwe mphepo ikulowera, ndipo mabokosi awiri a mapu amapsa kumbali imeneyo. Mukatero khasu limaposa lupanga. Fighter (wankhondo) amalambula, rogue (kathyali) amachinyengerera kuti chimutsate kudambo, ndipo wizard uja amene Fireball inamugwiritsa mwala amatentheratu udzu wa kutsogolo kuti chifike pa phulusa. Onse ali ndi ntchito.

Mtengo wake ulipo. Popanda mapu sichiyenda, chifukwa anthu amakangana kuti ndani waima pa udzu. Pamafunika pepala la mabokosi ndi zitsekerero za mabotolo, zotembenuza ndizo malo opsa. CR yakenso siwerengeka bwino: m'bwalo la miyala chimafa m'maraundi atatu, m'mudzi wa madenga a udzu chingamalize gulu la levulo 5. Choncho ndimaika malire, HP isapitirire 120, ndipo pamapu payenera kukhala mtsinje, msewu kapena munda wolima kale womwe osewera angauone asanayambe kuponya madayisi. Ngati gulu lanu limasewera pa WhatsApp popanda mapu, tengani afisi aja.