Kasukulu ka nyimbo ka ku Ulongwe: ana akupeka zawo, koma kiyibodi ndi imodzi

Mwana wanga wamkazi watha miyezi 7 akuphunzira pa kasukulu ka nyimbo kamene kali kuseri kwa msika wa ku Ulongwe. Ndimalipira mameticais 600 pamwezi pa M-Pesa, ndalama ya kachewere wa kudimba, ndipo pofika mwezi wachitatu ndinali nditatsala pang'ono kumuletsa. Ndinkati abwera akudziwa nyimbo za kwaya, koma iye ankangobwera ndi kope lodzaza ma do re mi ndi zofufutafufuta, n'kumang'ung'udza kachinthu kamodzimodzi mpaka amayi ake kumupitikitsa pamoto.

Loweruka lapitali aphunzitsi anaitana makolo kuti tidzamve nyimbo zomwe anawo apeka okha. Lamulo lawo ndi limodzi: ya pa wailesi kapena ya m'buku la kutchalitchi musabwere nayo.

Amene anandigwira mtima ndi mnyamata wina wa ku Moatize, wa zaka ngati 15. Agogo ake ankaimba nyanga, zitoliro za bango za Anyungwe zija. Amene munaonapo mukudziwa kuti woimba aliyense amagwira mawu awiri atatu basi, wina akauzira wina n'kulandira, onse akuvina mozungulira, ndipo nyimbo yathunthu palibe amene ali nayo yekha. Mnyamatayu bango analibe. Anangogawira anzake asanu timawu tochepatochepa pakamwa, iye n'kukhala pa gitala akusunga phazi. Poyamba zinamveka ngati achule a m'dambo, kenako zinagwirana, ndipo agogo ena aakazi kumbuyo analuluta nyimbo isanathe. Aphunzitsi anatiuza kuti mnyamatayu anailemba yonse pa pepala, liwu lililonse pa mzere wake, anaikonza kanayi.

Ya mwana wanga inali yaifupi, yonena za chisanu cha mu June ku Tsangano kwa azakhali ake. Anaphonya pakati n'kuyambiranso. Aphunzitsi sanamuthandize, anangopinda manja n'kudikira, ndipo ine zinandikwiyitsa mpaka nditaona kuti waipeza yekha.

Zodandaula zilipo. Anati tiyamba 2 koloko, tinayamba cha m'ma 4, ndipo makolo a ku Domwe anatuluka nyimbo zitatu zisanaimbidwe kuopa kusiyidwa ndi chapa yomaliza. Maikolofoni inkalira ngati mluzu wa mpira nthawi iliyonse mwana akayandikira sipika. Kiyibodi ndi imodzi ya ana onse, makiyi ake awiri samveka, choncho mwana amaikhudza mphindi zochepa pa sabata. Pa ndalama imene timalipirayi, yachiwiri ikanagulidwa kale.

Titamaliza ndinawafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mwana akafuna kupitiriza?" Sanandinamize. Anati za mapepala enieni ndi ku Maputo, ku Escola Nacional de Música kapena ku Universidade Eduardo Mondlane, ndipo ntchito yawo ndi yoti mwana akafike kumeneko akudziwa kale kuwerenga ndi kulemba nyimbo.

Ngati mukufuna mwana aziimba pa maukwati pofika Khirisimasi, pano mutaya ndalama. Ine ndalipiriratu miyezi itatu, ndipo ndawauza aphunzitsi kuti ulendo wina ndidzabwereka ndekha sipika ya kutchalitchi kwathu.