CCMA ya ku Johannesburg: amathandiza ndithu, koma mlandu wa pathupi suthera pamenepo

Amayi ambiri a kwathu kuno ku Joni ali pa ntchito za m'nyumba, m'masaluni ndi m'malesitilanti, ndipo dandaulo lawo ndi lomwelomwelo: pathupi pakangoyamba kuoneka, madamu amati "kapumeni kaye, tikuyimbirani," foni osaliranso. Kokadandaula ndi ku CCMA, bungwe loyanjanitsa ndi kuweruza mikangano ya antchito ndi mabwana awo, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Labour Relations Act la 1995.

Ubwino wake ndi woti simulipira kanthu, ndipo sabweza munthu chifukwa cha mapepala. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, Labour Court, khothi la milandu ya za ntchito, inagamula kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchitobe pamaso pa lamulo. Kubwezeretsedwa pa ntchito kungavute, koma chipukuta misozi chimatheka.

Mumadzaza fomu 7.11, n'kupereka kope kwa abwana, n'kusunga umboni woti alandira, monga imelo kapena siginecha yawo. Popanda umboni umenewu fomu siyenda. Nthawi ndi masiku 30 kuchokera tsiku lomwe anakuchotsani, kuwerengera Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Milandu yambiri imafera apa, chifukwa mayi amadikira foni ija mpaka mwezi kutha. Mukachedwa mumayenera kulemba pempho lapadera lofotokoza chifukwa, ndipo komishinala, yemwe amamva milandu ku CCMA, akhoza kukana. Dandaulo la tsankho pomwe simunachotsedwe, monga kulandira zochepa kuposa mwamuna wogwira ntchito yofanana ndi yanu, lili ndi miyezi 6.

China chogwetsa anthu n'choti ambiri abwana awo amawadziwa dzina loyamba lokha. Fomu imafuna dzina lonse ndi adiresi. Ngati munkalandira ndalama pamanja, sonkhanitsani mauthenga a WhatsApp, khadi la sikelo la kuchipatala, komanso mnzanu wogwira ntchito nyumba yoyandikana amene angakuikireni umboni. Kalata yoti mwasiya ntchito mwakufuna kwanu musasayine, ngakhale akunyengerereni ndi malipiro a mwezi umodzi.

Gawo loyamba ndi loyanjanitsa. Maloya saloledwa, choncho inu ndi abwana mumakhala mofanana pamaso pa komishinala, zomwe n'zoyamikirika. Ngati Chingerezi chimakuvutani, lembani pa fomu pomwepo kuti mukufuna womasulira wa Chichewa, osadikira tsiku la mlandu.

Pofooka ndi apa. Lamulo limaika kuchotsa mayi chifukwa cha pathupi m'gulu la milandu ikuluikulu, ndipo chipukuta misozi chingafike malipiro a miyezi 24, pomwe pa kuchotsedwa wamba chimalekeza pa miyezi 12. Koma mukalephera kugwirizana, CCMA siweruza yokha mlandu wotere pokhapokha mbali zonse zitavomera. Mumangopatsidwa satifiketi yoti mupite nayo ku Labour Court, ku Braamfontein, pasanathe masiku 90. Kumeneko kumafunika zikalata zolembedwa mwa dongosolo la khothi, ndipo mlandu umakoka nthawi. Mayi wa mimba ya miyezi 7, lendi ikumudikira, amangolandira kangachepe komwe abwana aika patebulo. Sitimuweruza, koma cholinga cha lamulo sichinali chimenechi. Musanavomere, kaonaneni ndi a Legal Aid South Africa kapena a Wits Law Clinic, omwe amathandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo.

Za malipiro osiyana ndi za kuchitidwa zachipongwe zogonana zili bwinoko: kuyambira 2014 olandira ndalama zochepa akhoza kuweruzidwa ku CCMA komweko.

Mukawina, chigamulo ndi pepala chabe. Abwana akakana kulipira, bwererani ku CCMA kuti akachitsimikize, kenako sherifu akhoza kukalanda katundu wawo. Muziwalondola nokha a CCMA ku ofesi yawo, mutanyamula nambala ya mlandu wanu.